Anakuuzani yekha, inu simunamve

Azakhali,
Mkazi wanga, wa zaka 31, anamupeza ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia. Mankhwala amamwa, koma mwezi uliwonse pamakhala masiku amene sagona, amamva mawu popanda woyankhula, amandikayikira kuti ndikumukonzera chiwembu. Iye amati zimayamba akatsala pang'ono kusamba, ine ndimangoti ndi matendawo akuyankhula. Mayi anga akuti ndimusiye. Nditani?
Bambo wotopa

Bambo,
Za mayi anuzo tizisiye, ukwati si wawo. Ine ndaima pa mawu amene mwangowalumpha: akazi anu anakuuzani okha nthawi imene vuto limayamba, inu n'kuwatsutsa.

Iwo ndiwo akulondola. Mahomoni achikazi otchedwa estrogen amathandiza kuti dopamine, yomwe imanyamula mauthenga mu ubongo, isapyole muyeso, ndipo mankhwala awo amalimbana ndi dopamine yomweyo. Estrogen imakwera dzira likamakhwima, n'kutsika kwambiri msambo ukayandikira ndi m'masiku ake oyamba. Apa m'pamene amayi ena matendawa amawakulira. Zimateronso mayi akangobereka, komanso akamasiya kusamba, cha m'zaka 45 mpaka 55.

Chimandiwawa n'choti munthu akangodziwika kuti amadwala maganizo, mawu ake onse amasanduka zizindikiro. Akati mutu ukuwawa, ati ndi matenda. Akakwiya pa chifukwa chomveka, ati mankhwala sanamwe. Komatu mayi wamva thupi lake mwezi ndi mwezi kuyambira ali mtsikana, matenda sanamulande nzeru imeneyo. Amene amamva mawu osaoneka n'kuthabe kuzindikira kuti amakula liti, wagwira ntchito imene dokotala wa mphindi khumi sangaithe. Mukamawatsutsa adzasiya kukuuzani, ndipo tsiku limene mawuwo adzawalamule kudzivulaza mudzamva mochedwa.

Gulani kope. Tsiku loyamba kutuluka magazi lilembeni 1. Madzulo aliwonse alembe okha maola amene agona, kukula kwa mawuwo kuyambira 0 mpaka 3, komanso ngati amwa mankhwala. Ikatha miyezi itatu mupite nalo kwa dokotala, ndiye woyenera kusintha mlingo wa mankhwala, osati inu. Sabata yovutayo muziwachepetsera ntchito, azigona msanga.

Msambo ukasiya kapena mawere akayamba kutuluka mkaka, asataye mankhwala. Mankhwala a matendawa monga haloperidol ndi risperidone amakweza prolactin, homoni ya mkaka imene imachita zimenezi. Akayezetse mimba, chifukwa ikhoza kubwera ngakhale msambo sukuoneka.
Azakhali