Kwa Madamu a Fomu 2: ana akudziwa mayina a zipangizo za nkhani koma nkhani sikutuluka

Madamu, funso lanu ndaliwerenga. Mwati muli ndi ana oposa 90 m'kalasi limodzi, ndipo mukawafunsa amatchula bwinobwino ampangankhani, malo ndi nthawi, kusamvana, pampondachimera ndi mathero. Koma mukawapatsa chimangirizo cha nkhani amangondandalika: ndidadzuka, ndidasamba, ndidamwa phala, ndidapita, ndidabwerako, ndidagona. Pomwe mayeso a JCE ali pakhomo. Ndiyankha motalikirapo, amene bandulo ikuwavuta andikhululukire.

Ine ndikuona kuti ana anuwo nkhani amaidziwa kale, chosokonekera ndi poyambira pathu aphunzitsife. Timayamba ndi matanthauzo pa bolodi, ana nkukopera, nkuloweza, kenaka timadabwa kuti kulemba kwawakanika. Kudziwa mthiko ndi chipande sikuphika nsima. Tamumverani mwana yemweyo nthawi ya buleki akufotokozera anzake za ndewu yomwe idabuka pamjigo dzulo. Sayambira poti adadzuka nthawi yanji. Amayambira pomwe mayi wina adachotsa ndowa ya mnzake pamzere, amasintha mawu poyerekeza aliyense, amadziwa pokokera ndi pofulumira, ndipo anzake satekeseka mpaka amalize. Zipangizo zonse zija zilimo, kungoti sadziwa kuti zomwe amachita pabwalo ndi zomwezo mukuzifuna pa pepala. Ntchito yathu ndi kumuonetsa zimenezo, ndipo mayina abwere pambuyo.

Tsono piriyodi yoyamba makope akhale otseka. Mwana mmodzi ayambe "Padangokhala", kalasi liyankhe "Tilitonse", afotokoze nthano yomwe aliyense akuidziwa. Ine ndimakonda ya Kalulu ndi chitsime chifukwa mafupa ake amaoneka poyera. Kwagwa chilala, nyama zagwirizana kukumba chitsime, Kalulu wakana kukumba nawo koma madzi akuwafuna. Nyama zaika mlonda, Kalulu wabwera ndi uchi, wamunyengerera mlondayo nkumumanga, wamwa, wasambamo, wapita. Mawa mlonda wina, chimodzimodzi. Mpaka Kamba, yemwe aliyense amamuderera, ndiye wamugwira. Akamaliza, funsani kalasi mafunso asanu okha: nkhaniyi ndi ya ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga nchiyani, wachitapo chiyani, zamuthera bwanji. Mayankho awo lembani pa bolodi m'mawu awo omwe. Mukatero ndiye lembani pambali pake kuti uyu ndiye mpangankhani wamkulu, uku ndiko kusamvana, apa pomwe Kamba wagwira mwendo ndiye pampondachimera. Aonetseninso zinthu ziwiri zomwe okha sangazione. Choyamba, nthanoyi yayambira pa chilala, pamavuto penipeni, palibe amene watiuza kuti Kalulu adabadwira kuti. Chachiwiri, kumangidwa kwa mlonda aliyense kukuwonjezera mkwiyo wa nyama, ndiye chochitika chilichonse chikubala chinzake. M'makope a ana anu zochitika zimalumikizidwa ndi "kenaka". M'nthano zimalumikizidwa ndi "chifukwa cha chimenecho". Kusiyana kwa mndandanda ndi nkhani kwagona pamenepo.

Piriyodi yotsatira chokani kwa Kalulu mubwere pamudzi. Pangani nkhani imodzi limodzi ndi kalasi lonse, yaing'ono, ya zinthu zomwe amaziona. Mwachitsanzo, mtsikana Tadala watumidwa kuchigayo ndi thumba la mphale ndi K2,000, kunyumba kukubwera alendo a chinkhoswe cha achemwali ake, ndipo ndalamayo wataya. Akufuna chiyani? Ufa, dzuwa lisanalowe. Chikumutchinga? Alibe cholipira, ndipo kunyumba ndi kutali. Lembani ziyambi ziwiri pa bolodi ana asankhe okha. Choyamba: "Tsiku lina Loweruka ndidadzuka m'mamawa ndipo ndidasesa pabwalo." Chachiwiri: "Tadala adapisanso m'thumba la siketi, koma K2,000 ya kuchigayo mudalibe. Kutsogolo kwake pamzere kudatsala anthu awiri okha." Simudzafunika kufotokoza kuti chabwino nchiti. Afunseni chabe kuti pa ziwirizi, nchiti chikuwachititsa kufuna kumva zotsatira.

Pa nkhani ya chiyambi yomweyi pali matenda ena: kuyambira kubadwa. "Tadala adabadwira m'mudzi mwakuti, mfumu yaikulu yakuti, m'banja la ana asanu ndi awiri." Pofika kuchigayo tsamba latha. Samuel Josiah Ntara adamutenga Nthondo kuchokera kubadwa mpaka kumwalira mu 1933, koma iye adali ndi buku lathunthu. Mwana wanu ali ndi tsamba limodzi ndi theka. Lamulo lomwe limathandiza nkuti nkhani yonse ichitike tsiku limodzi, ngakhale ola limodzi, ndipo ampangankhani asapitirire atatu. Za m'mbuyo zilowe ndi chiganizo chimodzi pomwe zikufunika.

Za malo ndi nthawi ndidutsa msanga. Ana amalemba ndime yathunthu ya mbalame zoimba ndi kamphepo kayaziyazi, zomwe sizikhudzana ndi kanthu. Malo azimupanikiza mpangankhani. Chigayo chimatseka 5 koloko, kumwamba kwachita mdima wa mvula, mtsinje womwe awoloke pobwerera umadzaza msanga. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati nkhani mungaisamutsire ku Area 25 ku Lilongwe popanda kusintha kalikonse, ndiye kuti malowo sakugwira ntchito.

Pofunika kukhalitsa ndi pampondachimera, chifukwa apa ndi pomwe zimangirizo zambiri zimafera. Mwana akamuika Tadala m'mavuto amachita naye chisoni, ndiye amamupulumutsa ndi mwayi. Amalume ake a ku Joni atulukira pa galimoto nkumulipirira. Kapena wayang'ana pansi nkuona ndalama yake ija. Kapena, chomwe chimandiwawa koposa, "ndidadzidzimuka ndipo ndidazindikira kuti ndimalota." Maloto aletseni poyera kuyambira tsiku loyamba, ndipo muwauze chifukwa chake: wowerenga wakhala akuda nkhawa tsamba lonse, ndiye mwamuuza kuti adadera nkhawa zinthu zomwe sizidachitike. Pampondachimera penipeni ndi pomwe mpangankhani ayenera kusankha yekha, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mtengo wake. Mayi amene ali patsogolo pa Tadala akumasula mfundo ya chitenje, K5,000 yagwa pansi, iwo sadaone. Tadala waiponda. Imani pomwepo, choko pansi, kalasi likangane. Ena ati atole, alendo angagone ndi njala. Ena ati abweze, mwina mayiwo amuchitira chifundo. Wina anena kuti mwini chigayo waona zonse ndipo wangokhala chete. Gulu lililonse lilembe mathero ake. Mudzapeza nkhani khumi zosiyana kuchokera pa chiyambi chimodzi, ndipo ana adzaona ndi maso awo kuti khalidwe la mpangankhani limadziwika pa zomwe wachita zitamuthina. Chiganizo choti "Tadala adali mtsikana wokhulupirika" sichifunikanso, phazi lake likachoka pa ndalamayo tadziwa kale.

Mathero akhale aafupi. Vuto likangotha, nkhani yatha. Ana amakonda kuwonjezera ndime ya ulaliki: "Choncho anzanga tisamabe chifukwa kuba nkoipa." Chizolowezichi chidachokera ku nthano za kwa agogo ndi ku Sande sukulu, ndipo kumeneko chili ndi malo ake. M'nkhani yolemba phunziro lizituluka m'zochitika. Mwana akaumirira, muloleni chiganizo chimodzi, osati ndime.

Tsono zoyankhulana. Ife moni ndi mwambo, ndiye mwana amaona ngati ndi mwano kuti ampangankhani ayambe kukamba asanalonjerane. Zotsatira zake ndi theka la tsamba la "Muli bwanji?", "Ndili bwino, kaya inu?", "Kunyumba kuli bwanji?" Aphunzitseni mawu awiri akuti "atapatsana moni", basi, nkupita pa nkhani. Zoyankhula zotsalazo zikhale zomwe zikusuntha zinthu kapena kuulula munthu. Mwini chigayo akati, "Iwe, ngati ulibe ndalama patuka, pano si pa tchalitchi," tamudziwa kale. Tadala akayankha kuti, "Pepani bambo, mundigayireko, ndalama abweretsa amayi mawa," tamva msinkhu wake ndi mantha ake mu "bambo" ndi "mundigayireko" momwemo. Chichewa chimatipatsa zimenezi mwaulere, "iwe" ndi "inu" zimanena za ubale wa anthu awiri kuposa ndime yofotokoza. Apa ndi pomwenso mungaphunzitsire mitengero, mpatuliro ndi mfunsiro, komanso kuti woyankhula watsopano amayamba mzere watsopano. Zikaphunzitsidwa pa mawu omwe ana apeka okha zimakhazikika msanga kusiyana ndi pa ziganizo za m'buku.

Pa nsinjiro za chiyankhulo mwina aphunzitsi anzanga ena anditsutsa. Ana ambiri adauzidwa kuti mikuluwiko ndi zining'a ndizo zimakolola malikisi, ndiye amaloweza isanu nkumaithira m'chimangirizo chilichonse, kaya ikugwirizana kaya ayi. Nkhani ya kuchigayo imayamba ndi "Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga", pomwe mulibe za kuthandizana m'menemo. Ine ndimati mkuluwiko umodzi wokwana bwino, makamaka wotuluka pakamwa pa mpangankhani wamkulu msinkhu, umaposa isanu yomata. Chomwe ana amachisiya pabwalo, chonsecho ndicho chuma chenicheni, ndi amvekero. Pakamwa amati "adangoti kakasi", "m'chigayo mudangoti zii magetsi atazima", "agogo balamanthu pakhomo". Akagwira cholembera zonsezi amazibisa poganiza kuti si Chichewa cha mayeso. Auzeni kuti nchololedwa, ndipo muone momwe ziganizo zidzadzukire.

Zolakwika ziwiri za malamulo a chiyankhulo zoti muzilondalonda m'nkhani: kusakaniza "adapita" ndi "anapita" ndi "akupita" m'ndime imodzi, komanso kuyamba ndi "Tadala adapita" nkupezeka pakati pasanduka "ndidapita". Chachiwirichi chimachitika nkhani ikamukoka mwana mpaka kulowamo yekha, si chizindikiro choipa, koma asankhe wofotokoza mmodzi asanayambe ndipo amusunge mpaka kumapeto.

Ndikudziwa mukuti, zonsezi ndi ana 90 ndichonga bwanji. Musachonge nkhani zathunthu 90 sabata iliyonse, mungadwale, ndipo makope akabwerera patatha masabata atatu mwana waiwala zomwe ankaganiza. Gawani ntchitoyo. Tsiku lina aliyense alembe mayankho a mafunso asanu aja basi, mizere isanu, ndipo mutha kuiona mukuyendayenda m'kalasi m'mphindi 40 zomwezo. Amene pa "chikumutchinga nchiyani" palibe yankho, asayambe kulemba, alibe nkhani. Tsiku lina alembe ndime yoyamba yokha. Tolani makope angapo, werengani mokweza osatchula mwini, ndipo kalasi liyankhe "Tilitonse" ngati likufuna kumva zotsatira. Pomwe layankha mozizira funsani kuti chasowa nchiyani, akonze onse pamodzi. Dzina musatchule ndithu, ana a msinkhu uwu akasekedwa kamodzi salembanso za mumtima. Tsiku lina zoyankhulana zokha, awiriawiri, wina mwini chigayo wina Tadala, ayambe achita sewero kenaka alembe zomwe anena. Nkhani yathunthu ibwere kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, ndipo pochonga koyamba yang'anani chinthu chimodzi chomwe mwaphunzitsa. Tsamba lofiira ndi bolopeni chifukwa cha masipelo limamuuza mwana kuti nkhani yake simudaiwerenge. Masipelo akonzedwe polemba kachiwiri, ndipo gawo lina anzake a pa desiki angathe kumuthandiza.

Njira yomweyi imagwira pa chimangirizo cha Chingerezi. Aloleni akambirane mafunso asanu aja m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha kwawo, kaya Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, nkhani iyambe yaima, kenaka ndiye alimbane ndi mawu a Chingerezi. Mwana akamasaka nkhani ndi mawu nthawi imodzi amabwerera ku "ndidadzuka, ndidasamba" chifukwa ndiye ziganizo zomwe ali nazo kale.

Pokonzekera mayeso, pezani mapepala akale a MANEB muone momwe mafunso amabwerera ndi kutalika komwe amafuna, ndipo ana azolowere kupatula mphindi zisanu zoyambirira kulemba mizere isanu ija pambali. Mutu ukakhala mwambi, monga "Safunsa adadya phula", asataye nthawi kumasulira mwambiwo ndime yonse. Adzifunse kuti ndani adakana kufunsa, ankafuna chiyani, chidamuonekera nchiyani. Akapatsidwa chiganizo chomalizira, ayende chobwerera. Tinene kuti chiganizocho nchakuti "Kuyambira tsiku limenelo sindidapitenso kudambo ndekha." Funso loyamba likhale lakuti kudamboko kudachitika chiyani, lachiwiri lakuti adapitirako chiyani yekha, lachitatu lakuti ndani adamuletsa iye osamva. Mayankho atatuwo akawatembenuza, lachitatu ndi lachiwiri ndiwo chiyambi, loyamba ndilo pampondachimera, ndipo mathero wapatsidwa kale pa pepala la mafunso.