Amalume, za WiFi yanu ija

Eee amalume, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu uja, kuti bandulo ikutha msanga ndipo mukukayikira kuti pali ena akudya nawo WiFi yanu, ndiye mukufuna kuwabuloka. Kubuloka kumatheka, koma dikirani kaye, si kumene kukupulumutseni.

Poyamba tembenuzani rauta ija, kabokosi kamene kamatulutsa WiFi kaja. Kunsi kwake kuli kapepala komata, pali manambala ngati 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Muwalembe mu Chrome, pamwamba paja, foni yanu ili pa WiFi yomweyo. Ikufunsani dzina ndi pasiwedi. Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Pasiwedi iyi si ija mumapatsa alendo ayi, ndi ya mwini rauta, ndipo marauta ambiri akale amabwera ndi admin, admin. Ngati yanu idakali choncho, aliyense amene ali pa WiFi yanu atha kulowa n'kukutsekerani inuyo kunja. Muisinthe lero lomwe.

Mukalowa, pezani pamene palembedwa Connected devices. Muona zonse zimene zalumikizidwa. Musathamangire kupsa mtima zikachuluka, TV imawerengedwa, laputopu nayo, ngakhale foni yakale ija ana amaseweretsa. Muzizimitsa WiFi pa chimodzichimodzi, muone chimene chikuchoka pa mndandanda. Zotsalazo ndiye alendo anu osaitanidwa.

Tsono za kubulokazo. Rauta imadziwa foni ndi nambala yake, amati MAC address, zilembo ndi manambala 12. Kale ukabuloka nambalayo nkhani inkathera pomwepo. Koma kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, foni imadzipangira nambala yongopeka. Munthu mwamubuloka, iye agwiragwira mu settings, wabweranso ndi nambala ina, rauta yamulandira ngati watsopano. Pasiwedi akadali nayo, nanga alekerenji? Mudzangotopa, amalume, n'kutunga madzi ndi dengu kumeneko.

Chimene chimagwira ntchito n'kusintha pasiwedi ya WiFi. Mukangosintha, onse amagwa nthawi imodzi, wakuba ndi mwini nyumba yemwe, kenako mumabwezeretsa anu okha. Koma chonde, osaika dzina la mwana kapena nambala yanu ya foni, zimenezo ndi zoyamba zimene munthu amayesa. Rauta imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63. Tengani mawu anayi osagwirizana, muwalumikize, muponyemo manambala pakati. Pamenepo pali polembedwa Security, musankhe WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo. Mukaona WEP musaiyandikire, imathyoledwa m'mphindi zochepa.

Aaa, ndisanaiwale, WPS, njira ija yolumikizira foni ku rauta osalemba pasiwedi. Muizimitse. Ili ndi PIN ya manambala 8, ndipo mu 2011 zinadziwika kuti pa marauta ambiri munthu atha kuipeza m'maola ochepa, pasiwedi yanu italike bwanji. Zobisa dzina la netiweki zija ena amalangiza, musavutike nazo, wodziwa amaiona ndithu.

Koma ndinene zoona, ine sindikukhulupirira kuti pali katswiri amene wakuthyolerani. Ndikukayikira m'nyumba momo. Pa foni ya Android, ukalowa pa dzina la WiFi n'kudina Share, pamatuluka kachithunzi ka timabokosi kotchedwa QR code. Mnzako ajambula, basi walowa, osafunsa ngakhale chilembo chimodzi. Kwathu kuno zinachitika. Ndinasintha pasiwedi Lolemba, pofika Lachinayi ndikuona mafoni atatu achilendo. Kufunsa mwana, akuti "ine sindinauze munthu pasiwedi." Ndipo sankanama, anangowaonetsa kachithunziko.

Ndiye chimene ndinachita, ndinatsegula Guest network. Marauta ambiri ali nayo, imakhala ngati WiFi yachiwiri yokhala ndi pasiwedi yakeyake. Ana ndi alendo muwapatse imeneyo, muziisintha mukafuna, osavutika kulumikizanso TV ndi zina zija. Yaikuluyo ikhale ya inu ndi azakhali basi.

Mukasokonezeka penapake, musabaye kabowo kakuseri kolembedwa Reset, kamafufuta zonse, mpaka intaneti itha kusiya kugwira. Ingojambulani sikirini munditumizire kumbali, osati pagulu pano, mwina pasiwedi ingaonekere. Madzulo ndikuimbirani, tidzapangira limodzi.