Mzinga woponya chingwe: yankho kwa bambo ofunsa za sitima zosweka

Bambo wina wanditumizira imelo kufunsa kuti kale, kulibe helikopita, anthu ankapulumutsidwa bwanji sitima ikasweka pafupi ndi gombe, mafunde atakula moti bwato silingalowe. Akuti anamva zoti ankaombera mzinga, koma sakukhulupirira.

Bambo, mzingawo unalipodi. Mu 1807 George Manby anaona sitima ya HMS Snipe itatsakamira pamchenga ku Great Yarmouth, ku England, anthu akumira pafupi ndi gombe, a kumtunda akungoyang'ana osowa chogwira. Chaka chotsatira anapulumutsa anthu ndi kamzinga koponya chitsulo chomangirira chingwe. Ku America, bungwe la US Life-Saving Service litakhazikitsidwa mu 1878, malo ake opulumutsira anthu analandira mzinga wa David Lyle, woponya chitsulo cha makilogalamu pafupifupi 8 mpaka mamita 600.

Koma zimandiwawa kuti aliyense amatamanda mzinga, pomwe moyo wa anthu unkadalira chingwe. Chingwe choyamba chinali chopyapyala, ndipo ankachiyala mokhotakhota pazikhomo m'bokosi. Akafika pagombe ankagadabuza bokosilo, n'kusolola zikhomo, n'kulipendeketsa kuloza kusitima. Mukalakwitsa kayalidwe pamalo amodzi okha, chingwe chimapiringizana m'malere n'kuduka. Mbali yoyandikira chitsulo ankainyowetsa kuti moto wa wonga usaiwotche. Ndipo sankaloza pasitima penipeni ayi, ankaloza kumene kukuchokera mphepo kuti mphepoyo igwetsere chingwe pamilongoti.

Amalinyero akachigwira, ankakoka mpaka chiwabweretsere kagudumu kodutsamo chingwe chachiwiri, chozungulira ngati lamba. Pamenepo pankalendewera kathabwa kolembedwa malangizo m'Chingelezi ndi m'Chifalansa: mangani pamlongoti, pamwamba ndithu. Kenako a kumtunda ankatumiza chingwe chachitatu, chikuluchikulu, choti chimangidwe pamwamba pang'ono pa kagudumu kaja. Kugombe ankachimangirira kumatabwa opingasa okwiriridwa mumchenga, n'kuchitukula ndi mitengo iwiri yophatikizana kuti chikhale pamwamba pa mafunde. Pachingwe chimenechi m'pamene pankayenda mkombero woyandama wosokerera kabudula wa nsalu yokhuthala. Munthu alowetsa miyendo, a kumtunda akoka. Mmodzimmodzi, mpaka onse atha.

Povuta panali pambiri. Amalinyero ouma zala ndi chisanu ankalephera kukoka. Ena ankamanga m'munsi, munthu n'kumabwera akumwa madzi. Sitima ikapendekera kugombe chingwe chinkakhwepa, ikabwerera chinkakungika kufuna kuduka, choncho kumtunda kunkayenera kukhala anthu okhwimitsa ndi kukhwefula nthawi yonse. N'chifukwa chake ankayeserera mlungu uliwonse pamlongoti wozikidwa pamchenga, ndipo gulu linkafunika kumaliza zonsezi m'mphindi 5. Ine ndikuti popanda kuyeserera kumeneko mzinga wa Lyle ukanangokhala chitsulo chaphokoso.

Pamene mzinga unakanika

Pa 11 Okutobala 1896, sitima ya E.S. Newman inasweka pafupi ndi Pea Island ku North Carolina, ku America. Mkulu wa malo opulumutsira anthu a kumeneko anali Richard Etheridge, munthu wakuda wobadwira muukapolo, ndipo gulu lake lonse linali la anthu akuda. Madzi anali atasefukira pagombe, popanda pouma poimika mzinga kapena kukwirira matabwa. Etheridge anamanga amuna awiri chingwe m'chiuno, iwo n'kulowa m'mafunde mpaka kusitima, anzawo atagwira kumtunda. Anabwereza mosinthana mpaka anthu 9 onse anatuluka amoyo, kuphatikizapo mkazi wa kaputeni ndi mwana wawo wamng'ono. Mendulo yagolide yolemekeza Etheridge ndi gulu lake inadzaperekedwa mu 1996, patapita zaka 100, onsewo atamwalira kalekale. Zimenezi sizinandikhalepo bwino mumtima.

Za bwato munafunsazo, bambo: nalo linkagwira ntchito, makamaka sitima ikakhala patali posafika chingwe, chifukwa limanyamula anthu angapo nthawi imodzi. Mkulu wa pamalopo ndi amene ankayang'ana mafunde n'kusankha.