Alamu, musanapikule ma rauta tamvani kaye

Alamu, uthenga wanu ndauona usiku ndikutsika minibasi pa Mchinji boma. Mwafunsa mmene geni ya ma rauta ndi mawaya a intaneti imayendera, popeza kwanu ku Kasungu ena ayamba kukokera faiba m'nyumba ndi m'maofesi, ndipo mukufuna kuikapo kampamba kanu. Ndikuyankhani mosabisa, chifukwa ine ndalama yoyamba inandithera pa chinthu choti wina akanangondiuza pakamwa.

Waya wa faiba ukalowa m'nyumba umathera pa kabokosi kotchedwa ONT, ena amati ONU. Kameneko musapikule ayi. Ulendo wanga woyamba ku Lusaka ndinapeza tambiri totchipa, ta Huawei ndi ZTE, ndinatenga khumi. Kasitomala woyamba atalumikiza, kanyali ka PON, kosonyeza ngati faiba yalumikizika, kanangophethira tsiku lonse, intaneti osabwera. Amisiri a kampani atafika anati makina awo amangolandira mabokosi amene iwo analembetsa nambala yake. Ndinabweza ndalama ya munthuyo, ndipo mtima unandiwawa sabata yonse. Kabokosiko kamabwera ndi eni faiba. Geni yathu imayambira kuseri kwake.

Choyamba ndi rauta, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Anthu athu amawerenga nyanga zake, ma eriyo aja, akaona zinayi kapena zisanu ndi chimodzi amati imeneyi ndiye yamphamvu. Inu tembenuzani katoni muwerenge za mabowo olowetsa waya. Pakalembedwa 10/100 basi, rautayo siingapitirire 100 Mbps ngakhale mwini nyumba alipire liwiro lotani. Funani yolembedwa Gigabit kapena 10/100/1000, makamaka pa bowo la WAN, lolowamo waya wochokera ku kabokosi kaja. Ikhalenso ya mafunde awiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. A 5 GHz amathamanga koma amafooka msanga pa khoma, ndipo nyumba zathu za njerwa zootcha zimawameza kwambiri; a 2.4 GHz amafika patali koma mwapang'onopang'ono. N'chifukwa chake ine ndisanatchule mtengo ndimafunsa kuti nyumbayo ili ndi zipinda zingati, kabokosi akaika pati, mafoni ndi angati. Banja laling'ono TP-Link kapena Tenda ya Wi-Fi 5 yawakwanira, musawaumirize yatsopanoko ya Wi-Fi 6. Ya Wi-Fi 6 sungirani a malo ogona alendo ndi maofesi, kumene mafoni amachuluka. Nyumba ikakhala yaitali, kapena pali boyizikota kuseri, rauta imodzi yodula sithandiza. Pamafunika yachiwiri yokokeredwa ndi waya, kapena zija za mesh, ma rauta angapo olumikizana okha popanda waya.

Pa waya ndiye pamene ambiri amapusitsidwa. Katoni ya waya wa intaneti wa mtundu wa Cat6 imakhala ya mamita 305, ndipo ziwiri zikhoza kufanana kunja koma mitengo kusiyana kutali. Ine ndimayenda ndi kampeni m'chikwama. Ndimasenda kawaya kamodzi n'kupala pang'ono. Kakaoneka koyera mkati, ndi aluminiyamu wongopaka mkuwa pamwamba, uja amati CCA, ndipo amathyoka msanga m'makona. Wa mkuwa weniweni amakhala wofiirira mpaka mkati, katoni yakenso imalemera m'manja. Pokoka, waya mmodzi asapitirire mamita 100. Wina akafuna kachingwe ka faiba kolowa m'kabokosi, muuzeni ajambule mutu wake: wobiriwira ndi wabuluu salowerana bwino, ngakhale akuoneka ofanana.

Koma katundu amene amandidyetsa kwenikweni ndi timabatire tija ta mini UPS. Magetsi akathima kabokosi ndi rauta zimathima limodzi, pamene faibayo nthawi zambiri ili bwinobwino. Kabatire kamodzi kamasunga zonse ziwiri kwa maola angapo. Ingoyang'anani pa adaputala ngati ndi 12V kapena 9V. Pulagi ikhale ya mano atatu ngati yakwathu kuno, ndipo nyengo ya mvula musaiwale zotetezera ku mphenzi, chifukwa faiba ndi galasi, siitenga magetsi, koma moto umadzera ku soketi.

Tsopano za pa boda. Kuchokera pa Mchinji boma kufika pa Mwami, boda ya Malawi ndi Zambia, ndi pafupi, ndipo chiyambire Disembala 2022 ndi malo amodzi oimapo, a msonkho akwathu a MRA ndi a ku Zambia a ZRA mumathana nawo osayendayenda ngati kale. Mudzamva anzathu akutchula STR, ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko athu omwe ano, amene ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana. Rauta yopangidwa ku China siilowa mmenemo, ngakhale mwaigula pa Chipata. Ndiye werengerani msonkho musananyamuke, sungani lisiti lililonse, ndipo lembetsani katundu yense. Zipangizo za mafunde zimafunanso kuti mtundu wake ukhale wovomerezedwa ndi MACRA, choncho gwiritsitsani mitundu yodziwika. Anyamata a njinga adzakunong'onezani za njira zam'tchire. Alamu, chonde ayi. Ndinaona mayi wina atakhala pansi akulira, makatoni ake onse atalandidwa, mpamba unali wa ngongole ya banki m'khonde.

Ndalama nayo imafuna maso. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri tinagulitsa pa mtengo wakale n'kulephera kubwerera kukaoda. Kuyambira pamenepo mtengo ndimauika poona ndalama imene ndidzagulire katundu wina, osati imene ndinagulira uyu.

Musayambe ndi Lusaka, ndi kutali, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pa Chipata, ndipo thiransipoti idzakudyerani phindu. Yambirani pa Chipata ndi ma rauta asanu, katoni imodzi ya waya ndi timabatire, ndipo chilichonse achiyatse m'sitolo momwemo inu mukuona. Pezaninso mmisiri mmodzi wokoka faiba kwanuko mugwirizane naye, chifukwa kasitomala amagula chimene mmisiri wanena. Lachinayi ndikuwoloka. Ngati mukubwera, mundipeze pa depoti m'mawa, mutenge pasipoti, ndipo mujambuliretu kumbuyo kwa timabokosi ta anthu amene akufunsani kale.