Kwa asisi ofunsa za kosi yothandiza ana ovuta

Asisi mwafunsa komwe mungaphunzire kuthandiza achinyamata ovuta aja, omenyana, othawathawa kusukulu. Yesani St John of God ku Mzuzu, kuli kosi ya psychosocial counselling, komanso Magomero College ku Chiradzulu amaphunzitsa social work. Koma ine chinanditsegula maso ndi atachimenti, nthawi yomwe amakutumiza kukaphunzira ntchito pamalo pomwe ikuchitikira. Kumeneko ndinali ndi mnyamata wa zaka 14 akakwiya ankagenda mawindo, supavaiza anandiuza ndizilemba mukope zonse zochitika asanaluse ndiye tinadzaona kuti zimachitika masiku omwe wabwera osadya, bambo ake atagona kumowa, mtima unandiwawa heavy. Posankha kosi funsani ngati amakutumizani kumalo osungirako ana olakwira malamulo ngati Mpemba kapena Chilwa Reformatory, muwerengenso lamulo loteteza ana la 2010.