Mwana wa zaka 16 akufuna kukhala wozimitsa moto: ayambire pati kuno ku Joni?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Turffontein. Mwachidule akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 16, ali Giredi 10. Kusukulu awauza kuti agwire maola angapo othandiza anthu mwaulere, ndiye iye wakakamira zokagwira kwa ozimitsa moto. Akuti ndiyo ntchito yomwe akufuna akalemba matiriki (mayeso omaliza a Giredi 12). Kodi ana amawalola? Nanga amakaphunzirako chiyani? Ine mtima suli m'malo, ndikuopa kuti andipsera."

Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zaka 16 mwana wanuyo salowa m'nyumba yoyaka, ndipo sakwera galimoto yofiira ija kupita kukazimitsa moto. Lamulo la zantchito la dziko lino la South Africa, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15, ndipo wa zaka 15 mpaka 17 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo kapena thanzi lake pachiswe. Aliyense amene angakulonjezeni kuti mwanayo "alowa m'moto weniweni" mukalipira ndalama zakuti, muthaweni. Ngakhale akuluakulu ophunzitsidwa bwino amatsalira momwemo: pa moto wa nyumba ya Bank of Lisbon m'tauni muno, mu Seputembala 2018, ozimitsa moto atatu adamwalira ali pantchito.

Koma musamuuze kuti aiwale. Zaka ziwiri zatsalazi ndi zokwanira kuti pofika 18 adzakhale atasiya anzake kutali, ndipo zambiri zomwe angaphunzire pano zikhoza kupulumutsa anthu panyumba pomwe mukukhalapo.

Khomo loyamba kugogoda ndi la nthambi ya mzinda yoona zangozi zadzidzidzi, Emergency Management Services, yomwe aliyense amangoti EMS. Nthambiyi ili ndi malo otchedwa BESAFE ophunzitsirako anthu wamba ndi ana asukulu za kapewedwe ka moto, komanso imaphunzitsa magulu a anthu ongodzipereka m'madera, otchedwa CERT. Mwana akangotulukira yekha pageti la siteshoni, kawirikawiri amamubweza mwaulemu, chifukwa palibe mkulu wa siteshoni angafune kusenza mlandu wa mwana wa eni. Njira yoyenda ndi kudzera kwa mphunzitsi wa Life Orientation, phunziro la kusukulu la maluso a moyo: alembe kalata ya sukulu yonena dzina, zaka, maola ofunika ndi masiku, inu musayine kalata yovomereza, ndipo pempho likhale la gulu la ana angapo osati mmodzi. Akamaliza tsiku lililonse, woyang'anira asayine pepala la maola pomwepo. Kudikira kuti adzasayine onse kumapeto kwa temu ndiko kumatayitsa ana ambiri maola awo, popeza ozimitsa moto amagwira mosinthana ndipo amene adamuona Loweruka lija sadzapezekapo.

Ngati kusiteshoni sizikutheka, St John ndi Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo ma Scouts amaphunzitsa zambiri zofanana nazo. Palinso President's Award, ya achinyamata a zaka 14 mpaka 24, yomwe imawerengera maola ongodzipereka ngati amenewa. Asapeputse chithandizo choyamba poti si moto. Maitanidwe ambiri a ozimitsa moto amakhala ngozi zapamsewu ndi anthu ovulala, ndiye wodziwa kutsindira pachifuwa ka 30 n'kupumira mkamwa kawiri, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, ali kale ndi phazi limodzi m'ntchitoyi.

Tsono za moto weniweniwo. Phunziro loyamba ndi lakuti moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi mpweya. Ukachotsapo chimodzi, wazima. N'chifukwa chake mafuta ophikira akayaka m'poto umazimitsa sitovu n'kuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo, kenako osavundukula mpaka potoyo atazizira. Ukavundukula msanga, mpweya umalowa ndipo mafuta otenthawo amabukanso. Madzi ndiye ayi. Amamira pansi pa mafuta, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madziwo, ndiye imamwaza mafuta oyaka mpaka kudenga ndi kumaso kwa wothirayo. Palafini nayenso amayandama pamadzi n'kuyenda nawo pansi ponse. Wake ndi mchenga.

Chozimitsira moto chofiira chija, chomwe timangochidutsa m'makonde, ana ambiri amachiona ngati chosavuta mpaka atachigwira. Chofala kwambiri ndi cha ufa, cholembedwa DCP, cha makilogalamu 4.5 kapena 9. Asanachinyamule ayang'ane kamuvi ka pageji: kakhale pobiriwira. Ayang'anenso kapepala ka sevisi, chifukwa chimayenera kuonedwa ndi katswiri chaka chilichonse. Akazula pini, apope kamodzi pang'ono ali chapatali kuti atsimikize kuti chikutuluka, ndiye ayandikire mpaka mamita awiri kapena atatu, khomo lili kumbuyo kwake, ndipo ngati ndi panja mphepo ikhale ikuchokera kumsana. Aloze patsinde pa moto, afinye chogwirira, n'kumayendetsa uku ndi uku ngati akusesa.

Cholakwika chomwe pafupifupi wophunzira aliyense amachita ndi kuloza malawi, poti ndiwo akuoneka ndi kuopsa. Ufa umangodutsa m'mwamba, moto uli phee pansi, ndipo pasanathe theka la mphindi chozimitsiracho chatha. Inde, n'chachifupi choncho. Cholakwika chachiwiri ndi kuyandikira kwambiri pa moto wa mafuta, mphamvu ya ufa n'kuwamwaza. Chachitatu ndi kutembenuka moto ukangozima. Ufa suziziritsa, ndiye matiresi kapena mulu wa zovala umanyeka m'kati n'kubukanso anthu atabalalika. Pamafunika kubwerera chafutambuyo maso ali pomwepo, kenako kunyowetsa ndi madzi ngati pamalopo palibe mawaya kapena zipangizo zamagetsi. China chomwe ambiri sadziwa: ufa wa chozimitsira chokhala m'galimoto kapena m'taxi umagwirana chifukwa cha kugwedezeka, geji ili pobiriwira koma pofinya n'kungotuluka mpweya. Kuchitembenuza chadodolido nthawi ndi nthawi kumathandiza kuti ufawo umasuke.

Cha CO2 amachizindikira ndi lipenga lakuda lalikulu kumapeto, ndipo chilibe geji. Ndi chabwino pa makompyuta ndi mabokosi amagetsi popeza sichisiya ufa, koma lipengalo limazizira koopsa moti likhoza kusupula khungu la m'manja, ndipo panja pamphepo mpweya wakewo umangouluka. Lamulo lomwe mphunzitsi wabwino amabwereza mpaka ana kutopa nalo ndi ili: moto ukaposa kukula kwa bini ya zinyalala, kapena utsi ukayamba kudzaza chipinda, siya, tuluka, tseka chitseko, imba foni. Nambala ndi 112 pa selefoni, 10177, kapena 011 375 5911 ya EMS ya Johannesburg. Poimba anene nambala ya nyumba, msewu, msewu wodutsana nawo ndi dera, chifukwa maina a misewu amabwerezedwa m'madera ambiri a mzinda uno, ndipo atumize munthu kukaima pamsewu kukodola galimoto.

Zida zazikulu adzaziona ndi kuzikhudza pabwalo la siteshoni, mwina n'kuyesako kuvala. Paipi ya mamilimita 65, yotalika mamita 30, ikadzaza imanyamula madzi pafupifupi malita 100, ndiye kuti makilogalamu 100 oti uwakoke pamasitepe. Ikapindika penapake madzi amachepa kutsogolo, ndipo ukatseka mpopi wake mwadzidzidzi madzi amagunda chobwerera n'kuphulitsa paipi kapena kuononga pampu, n'chifukwa chake amaphunzitsa kutsegula ndi kutseka pang'onopang'ono. Silinda ya mpweya yobereka kumsana, ya malita 6 yodzazidwa pa 300 bar, imakhala ndi malita 1,800 a mpweya. Munthu wopuma malita 40 pa mphindi imamufikitsa mphindi 45, koma wokwera masitepe atalemedwa ndi zovala, jombo, chisoti ndi silindayo, zonse pamodzi zoposa makilogalamu 20, akhoza kuimaliza pa theka la nthawiyo. Kamluzu kochenjeza ka pa silindayo kakalira ndiye kuti mpweya watsala wotulukira basi. Ndevu zimalepheretsa chigoba chopumira mpweyawo kumata bwino kumaso, utsi n'kumalowa. Anyamata oyamba kumera ndevu sakondwa nayo nkhani imeneyi, koma ndi mmene zilili.

Thupi ayambe kulikonza lero, ndipo apa sipafunika ndalama. Mayeso olowera nthawi zambiri amakhala ndi kuthamanga makilomita 2.4, ma push-up, ma sit-up, kunyamula kapena kukoka cholemera, kukwera makwerero aatali ndi kukwawa pamalo othina amdima. Ambiri amagwa pa ziwiri zomalizazi. Mnyamata wa minofu yake amauma pakati pa makwerero, kapena kung'amba chigoba kumaso poona ngati akubanika. Ndi bwino adziwe msanga ngati ali ndi mantha otero. Athamange katatu pa sabata, akwere masitepe a fulati atabereka chikwama cha mabuku, ndipo aphunzire kusambira. Fodya ndi vepi asayambe n'komwe.

Pa za mapepala, mayi, mverani bwino chifukwa apa ndi pomwe ana athu ambiri amakakamira. Matiriki ndi yofunika, ndipo masamu ndi sayansi zimamuthandiza pa kuwerengera madzi ndi mphamvu ya pampu, makamaka ngati angafune dipuloma ya Fire Technology ku Tshwane University of Technology. Maphunziro a ntchitoyi amatchedwa Fire Fighter 1 ndi 2, pamodzi ndi Hazmat Awareness ndi Hazmat Operations za mankhwala oopsa, ndipo amatsatira miyezo ya NFPA, bungwe la ku America loika miyezo ya chitetezo cha moto. Masatifiketi odziwika kuno amadzera ku bungwe la SAESI, la ogwira ntchito zangozi zadzidzidzi kumwera kwa Africa. Musanalipire koleji iliyonse, funsani ku bungwelo ngati kolejiyo ili m'kaundula wawo, osangokhulupirira chidindo cha pakhoma. Kosi ya tsiku limodzi yozimitsa moto kuntchito ndi yabwino, koma si Fire Fighter 1, ngakhale pepala lake likongole bwanji. Layisensi ya galimoto yaikulu, C1 yomwe anthu amati Code 10, imafunidwa kawirikawiri, ndipo angaiyambe akakwana 18. Zotsatsa za pa Facebook ndi WhatsApp zoti tumizani ndalama kuti dzina lilowe pa mndandanda wa ntchito ndi zakuba.

Ntchito za khonsolo ndi mapulogalamu a boma monga Working on Fire, yomwe idayamba mu 2003 yolimbana ndi moto wa kutchire, kawirikawiri zimafuna ID ya dziko lino. Ngati mwanayo adabadwira kuno, kubadwa kwake kudalembetsedwa, ndipo wakhala kuno moyo wake wonse, gawo 4(3) la lamulo la unzika limamulola kupempha unzika akakwana zaka 18. Sungani kalata ya kubadwa, khadi la kusikelo ndi malipoti a sukulu a chaka chilichonse, popeza ndiwo umboni wakuti sadachokepo. Ngati adabadwira kumudzi, nkhani ya chilolezo chokhalira ndi kugwira ntchito muiyambe pano, asanalembe matiriki. Pali ntchito zina za moto kunja kwa khonsolo, monga m'migodi, m'mafakitale ndi m'makampani okonza zozimitsira moto, koma nazonso zimafuna mapepala olongosoka.

Maola a kusukuluwo, ife tikuona kuti pomwe angapindulitse kwambiri ndi pakati pa anthu akwathu. Pa 31 Ogasiti 2023, nyumba ya Usindiso pa Albert Street ku Marshalltown idapsa, anthu 76 adamwalira, ndipo pakati pawo padali Amalawi. Zipinda zodulidwa ndi matabwa ndi makatoni, mageti okhoma panjira yothawira, mawaya olumikiza mwachinyengo: zimenezi zikadalipo m'nyumba zambiri zomwe abale athu amachita lendi. Wozimitsa moto akabwera kudzaphunzitsa m'Chingerezi kapena m'Chizulu, ambiri amangogwedeza mutu. Mwana wolankhula Chichewa, ataphunzitsidwa bwino ndipo ali limodzi ndi wamkulu, akhoza kuima kutchalitchi kapena kumzikiti n'kufotokoza zomveka: kuti mbaula ya makala siigonedwa nayo m'chipinda chotseka ngakhale Juni azizire chotani, chifukwa mpweya wake ulibe fungo ndipo umapha munthu ali m'tulo, kuti kandulo aidule pakati n'kuiimika m'botolo lagalasi lokhala ndi mchenga pansi, kuti silinda ya gasi aiyese ndi thovu la sopo polumikizira, osati ndi machesi, kuti hita, ketulo ndi sitovu zisadyere pa adaputala imodzi, kuti kiyi wa geti lachitsulo azikhala pamalo amodzi odziwika kwa aliyense, pofikira ngakhale mumdima.

Ayambire kwanu komweko Loweruka likubwerali. Ajambule mapu a nyumba, apeze njira ziwiri zotulukira, asankhe malo okumanirana panja, ndiye ayeserere ndi abale ake kukwawa chifukwa utsi umadzaza kuyambira kudenga, ndi kukhudza chitseko ndi kuseri kwa dzanja asanatsegule. Awaphunzitsenso kuti zovala zikagwira moto umaima, kugwa pansi n'kugubuduka, ndipo chilonda cha moto amachithira madzi oyenda a pampopi kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, majarini kapena Vaseline. Mapuwo apite nawo kwa mphunzitsi wa Life Orientation pokapempha kalata ija.