Za abstraction zija mwafunsa achemwali

Achemwali, ndaona funso lanu loti mwayamba kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, usiku mukaweruka kuntchito ndiye mau oti abstraction akukuzunguzani mutu, kulikonse akungofotokoza ndi chizungu chovuta. Mundilole ndiyesepo, nanenso mauwa anandisowetsapo tulo.

Taganizani mmene timatumizira katundu kumudzi kuchokera kuno ku Joni. Mwalongedza katoni, mwaikulunga ndi tepi mpaka kulimba gwa, mwalembapo dzina la amayi, nambala yawo ya foni ndi Blantyre, mwakaisiya kwa transporter cha ku Park Station uko, mwalipira, basi mwakwera taxi kubwerera kunyumba. Zoti galimoto idutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, iwoloke Zambezi pa Tete kenako Zobue ndi Mwanza, zoti dalaivala agona pati, dizilo athira kuti, mapepala a pa boda alemba ndani, inuyo simuzidziwa ndipo simukufunika kuzidziwa. Sikuti ntchitoyo palibe ayi, ilipo yambirimbiri, kungoti yabisala kuseri kwa zinthu zitatu zomwe mwapereka zija, katoni, dzina ndi komwe ikupita. Abstraction ndi imeneyo, kubisa zovuta zamkati n'kumusiyira munthu zokhazo zomwe akufunika kuti chinthucho chimugwirire ntchito.

Ndipo mwakhala mukuigwiritsa kale ntchito osadziwa. Tsiku loyamba lija munalemba print("Moni") mau n'kutuluka pa sikilini eti? Kuseri kwa kamzere kamodzi kameneko Python imalankhula ndi operating system (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), iyonso ilankhule ndi zida zamkati mwa kompyuta, mpaka pansi penipeni pomwe zonse ndi 0 ndi 1 basi. Kalekale anthu ankalembadi ndi manambala omwewo, kenako kunabwera assembly, kulemba ndi timau tachidule m'malo mwa manambala aja, mu 1957 John Backus ndi anzake ku IBM anatulutsa chilankhulo cha Fortran kuti munthu azilemba masamu mofanana ndi mmene amalembera papepala. Python yanuyo anaitulutsa Guido van Rossum mu 1991, ndipo imene ambirife timaika pa laputopu inalembedwa m'chilankhulo china chotchedwa C. Ndiye mukuona, chilichonse chakhala pamsana pa chinzake.

Koma ineyo ndinaimvetsa bwino nditayamba kupanga yangayanga. Ndinalemba kapulogalamu kowerengera ndalama za chipereganyu chathu, timasonkha ma rand koma ambiri amafuna kudziwa kuti kumudzi zikafika ma kwacha angati. Masamu osinthira ndalamawo ndinawalemba malo 6 osiyanasiyana, kumangokopera n'kumata. Ndiye mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44%, ndinakonza malo 5 amodzi n'kuwaiwala, mayi wina anapatsidwa nambala yolakwika atalonjeza kale fizi ya mwana kumudzi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa anthu anandikhulupirira. Usiku womwewo ndinachotsa zonsezo n'kulemba function imodzi, kutanthauza mizere yogwira ntchito imodzi yopatsidwa dzina, sintha_ndalama(rand). Pano pulogalamu yonse imangoiitana ndi dzina, mupatse ma rand akubwezere ma kwacha, rate ikasintha ndimakonza malo amodzi okha. Mbali zinazo sizidziwa n'komwe kuti rate ili pa zingati, ngati inu ndi katoni ija.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, zobisikazo nthawi zina zimatulukira. Katundu akachedwa sabata ziwiri mumayamba kufunsa kuti wakakamira pa boda iti, si choncho? Tsegulani Python mulembe 0.1 + 0.2, ikupatsani 0.30000000000000004 osati 0.3, chifukwa pansi paja kompyuta imasunga manambala mu 0 ndi 1 ndipo 0.1 salowamo ndendende. N'chifukwa chake pa nkhani ya ndalama ine ndimawerengera ma senti athunthu kapena kugwiritsa ntchito Decimal, chida cha mu Python chosunga manambala ngati 0.1 ndendende.

Za abstract class ndi interface zomwe mwina mwaziona pa YouTube musathamange nazo kaye, ganizo lake ndi lomweli kungoti ndi la mapulogalamu akuluakulu, mudzazipeza kutsogolo. Panopa tengani kapulogalamu kalikonse komwe munalemba kale, muyang'ane mizere yomwe mwaibwereza kawiri katatu, muiike mu function n'kuipatsa dzina lonena chomwe ikuchita, olo la Chichewa palibe vuto Python siikana. Mukatero muiponye mugulu muno, Lamlungu ndimakhala ndilibe ntchito ndiiona.